Msiyeni mwana agwire, anunkhize, ade pang'ono: masewera apakhomo a ana aang'ono

Makolo anzanga, makamaka inu amene muli ndi ana osapitirira zaka 5, ndati ndilembe izi chifukwa sabata yathayi ndili pamzere wotunga madzi kuno ku Chilomoni ndinamva mayi wina akukalipira kamwana kake, kachaka chimodzi ndi theka mwina, kamene kananjuta pansi nkumasisita madzi otayikira pasimenti, "iwe siya, uda, ndikukwapula!" Kamwanako kanachotsa dzanja koma maso anali pamadzi pomwepo. Mtima unandiwawa. Sikuti mayiyo ndi woipa ayi, inenso woyamba wanga ndinamulera ndi "siya" yemweyo, sopo ndi uyu wakwera mtengoyu, madzi ogula pachigubu, ndiye ukaganiza zochapa mutu umachita kutentha. Koma nditagwirako ntchito zaka zingapo kusukulu ya mkaka ndinaona ndi maso angawa kuti chimene ife timati kuda chija, kwa mwana ndi sukulu yake yoyamba, ndipo zipangizo za sukulu imeneyo zili kale m'khitchini mwanu ndi kuseri kwa nyumba, simukufunika kukwera minibasi kukagula zidole zodula ku Chichiri.

Mwana wamng'ono saphunzira pongomuuza. Mutha kunena mawu oti "kuzizira" kambirimbiri koma adzawamvetsa tsiku lomwe waviika dzanja m'madzi a mumtsuko. Amaphunzira ndi khungu, pakamwa, mphuno, makutu ndi maso, komanso pali zina ziwiri zomwe ambiri sitizitchula. Mkati mwa khutu muli kachiwalo komwe kamauza ubongo ngati munthu waima chilili, wapendekeka kapena akuzungulira, ndipo minofu ndi molumikizana mafupa zimauza ubongo pomwe pali mwendo kapena dzanja ngakhale munthu atatsinzina. Zonsezi mwana amabadwa nazo koma zimakhwima pozigwiritsa ntchito. Kusikelo amatiuza za masiku 1000 oyambirira, kuchokera potenga mimba mpaka mwana atakwana zaka 2, nthawi yomwe ubongo umakula mothamanga zedi. Timamva za phala la mtedza ndi katemera, zomwe ndi zofunika, koma zala zake ndi mapazi ake nazonso zimafuna chakudya chake.

Ndiye tiyambe. Choyamba sankhani malo ndi nthawi. Ine ndimakonda pakhonde, ndimatumbula saka lakale nkuyala pansi, pamwamba pake beseni, kuti zotayika zisavute kuwola. Mwezi wa Okutobala kotentha kuja mwana akhale ndi kabudula yekha pamthunzi, pomwe nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye lowani m'nyumba, mumuveke juzi yakale yomwe simudandaula nayo. Akhale atadya komanso atagonako, mwana wanjala kapena watulo sasewera, amangolira basi. Mphindi 10 kapena 20 zakwana. Foni ikani patali, chifukwa pamasewerawa inuyo simuchokapo.

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwapo, chotsani zoopsa musanayambe chilichonse. Mwana wosakwana zaka 3 chilichonse chimathera mkamwa, ndi mmene amafufuzira zinthu, simungamuletse. Tengani kachubu kaja kamatsala tishu akatha, chinthu chilichonse cholowa m'kachubu kameneko ndi chaching'ono moti chitha kumutsamwa. Ndiye kuti zitsekerero za mabotolo, mikanda, mabatani, timiyala, njere za chimanga, mtedza wathunthu, zonsezi dikirani akule. Chimanga chomwe munathira Actellic kapena mankhwala ena a anankafumbwe chisayandikire n'komwe, chimodzimodzi mbewu yogula ija imabwera itapakidwa utoto, imaoneka yokongola kwa mwana koma utotowo ndi chizindikiro choti ili ndi mankhwala. Nyemba zosaphika zimadwalitsa munthu akatafuna, chinangwa chowawa chosaviika ndi poizoni, njere za nsatsi zimapha, utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso ndi ngozi, chitedze sindichita kunena. Timabatire tozungulira ta muwotchi ndi tizidole totchipa, kakamezedwa kamawotcha kum'mero m'maola ochepa chabe, pamenepo ndi kuthamangira kuchipatala osadikira kuti tione mawa. Majumbo, zingwe zazitali, parafini wosungira m'botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe pansi pa kabati, mbaula yamoto, zonse zikhale kutali ndi pomwe mwayala saka lanu.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Wachiwiri wanga ali ndi zaka 2 ndi miyezi ingapo ndinamupatsa lichero la nandolo wouma kuti azikapa ndi kapu, ine nkulowa m'nyumba kukaphula ndiwo, mwina mphindi ziwiri zokha. Potuluka ndinamupeza akutikita mphuno, maso ali misozi lengelenge, kanjere kali mkati. Aneba anabwera ndi kamtengo ka machesi kuti tikolowole, mwamwayi mtima unakana, tinamubereka kuthamangira kuchipatala ndipo anakachotsa bwinobwino. Anatiuza kuti kutokosa kumangokankhira njere mkati. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi limodzi, ndikadzuka ine beseni nalonso limadzuka. Ndipo ndikupempheni, ulendo wotsatira wa kusikelo mufunse anamwino akuonetseni chochita khanda likatsamwidwa, kuja koligoneka chafufumimba pamkono mutu utatsika nkulimenya ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Ndi bwino kuona ndi maso kusiyana ndi kungowerenga.

Tsopano makanda, osakwana chaka. Awa safuna zambiri. Akakhala maso mugonekeni chafufumimba pamkeka woyala chitenje, inu mugone naye pomwepo nkhope kuyang'anizana, poyamba mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kumawonjezera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'malangizo ake a 2019 limati khanda lomwe silinayambe kukwawa lizikhala chafufumimba mphindi zosachepera 30 patsiku, osati nthawi imodzi koma pang'onopang'ono tsiku lonse. Zimalimbitsa khosi ndi msana. Koma pogona tulo agone chagada. Sonkhanitsani tinsalu tosiyana, kachidutswa ka thaulo lokhakhala, ka chitenje chofewa chakale, ka juzi yaubweya, ka jinzi, muzimusisita nato m'manja, kuphazi, patsaya, kwinaku mukumuuza "aka nkofewa, aka nkokhakhala". Tengani kabotolo kapulasitiki kouma, thiranimo mpunga supuni ziwiri, tsekani zolimba nkumata ndi selotepi, chisekese chake ndi chimenecho. M'botolo lina thirani mchenga kuti amve kusiyana kwa kulira kwake. Ndipo musapeputse kubereka kumbuyo. Mwana ali kumsana inu mukusesa, mukuwerama, mukukwera chitunda cha ku Ndirande kapena ku Bangwe, kachiwalo ka m'khutu kaja kakuphunzira kugwedezeka konseko, akumva fungo lanu ndi mawu anu kudzera pamsana. Agogo athu sanawerenge mabuku a zimenezi koma ankachita zolondola.

Akayamba kukhala yekha komanso kudya, cha pamiyezi 6, musiyeni agwire phala lozizira ndi manja ake, alipake pambale, adzipake kumaso. Nthochi yakupsa aifinye ituluke m'mipata ya zala. Ndikudziwa zimanyansa kuona koma mwana amene wachigwira chakudya savuta kuchilawa. Uchi wokha musamupatse asanakwane chaka.

Tibwere ku beseni, lomwe kwa ine ndiye mwini wake wa masewera onsewa. Thiranimo chinthu chimodzi chouma, kuya kwake ngati kutalika kwa chala chanu. Kwa wachaka chimodzi mpaka ziwiri gaga wosefa kapena mgaiwa makapu awiri atatu ndi wabwino, koma simumulola kuti azidya. Wazaka 3 kupita mtsogolo mchenga, koma ukhale woyera, osati wotapa m'ngalande kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi momwe mumayenda zonyansa za tauni yonse, kapenanso pomwe agalu ndi amphaka amadzithandizira chifukwa mmenemo ndi momwe mumachokera njoka za m'mimba. Pemphani pang'ono pomwe akumanga nyumba, musefe, mutsuke, muyanike padzuwa palata tsiku lonse. Ikani pambali chipande, kapu, sefa yakale, zitsononkho ziwiri, ndi botolo lodula pakati kuti kukamwa kwake kukhale fanulo. Mukatero khalani pansi, mutseke pakamwa kaye, muone. Poyamba amangogunda ndi kachala kamodzi nkukuyang'anani ngati mumukalipira. Akaona kuti mwamwetulira amalowetsa dzanja lonse, kukapa, kukhuthula, kukapanso, kambirimbiri, inu mutha kutopa kuonerera koma iye akuyesa kuti kodi kapu iyi ikadzadza imalemera bwanji, nanga ndikapendeketsa chimachitika nchiyani. Kukapa ndi kukhuthula kumeneko ndi komwe kumalimbitsa dzanja lodzagwira pensulo ndi kumanga mabatani.

Akazolowera, kwirirani zinthu mkati, supuni, kagalimoto, chivindikiro chachikulu, azifufuza ndi manja. Wazaka 4 mutsinzinitseni atchule chomwe wagwira asanachione. Tsiku lina thirani madzi pang'ono pamchengapo aone mmene wasinthira, tsopano ukuumbika, atha kupanga mapiri a Soche ndi Michiru, pakati nkukumba msewu.

Kwa amene akuyandikira sitandade 1, wazani ufa pang'ono palichero kapena pathireyi, mulembe chilembo choyamba cha dzina lake ndi chala, iye alondole, akalakwitsa mungogwedeza lichero chafufutika, palibe kulira ngati kwa m'kope. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, ankaphunzitsa zilembo zodula papepala lokhakhala kuti ana azizisisita ndi zala asanagwire cholembera. Masukulu olipira ndalama zambiri aja otchedwa dzina lake amachita zomwezo, inu lichero muli nalo kale.

Pano ndinene za apongozi anga, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mukumana nazo. Atandipeza mwana akuseweretsa mgaiwa anandiitanira pambali nkunena kuti "mayi a mwana, chakudya sichoseweretsa, mukumuphunzitsa mwano." Sindinawatsutse chifukwa akunena zoona, iwo anaona njala, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale thumba la chimanga likakwera kuseweretsa ufa ndi chipongwe ngakhale kwa aneba amene agona ndi njala. Ndiye tinagwirizana, ufa wabwino ayi, tizigwiritsa gaga yemwe akupita kunkhuku kale, akatha kusewera nkhuku zidye. Mchenga, masamba, makoko a chimanga, madzi otsukira mpunga, zonsezi sizichotsa kanthu m'mbale ya munthu. Lero ndi iwo amene amamusungira zitsononkho akamabwera kuchokera kumudzi.

Madzi. Palibe mwana amene sawakonda, ndipo palibe masewera oopsa kuposa awa. Mwana atha kumira m'madzi osapitirira masentimita 5, mwakachetechete, osakuwa, mutu wake ndi wolemera ndiye akagwera chamutu mundowa sangadzuke yekha. Kuno timasunga madzi m'mabigiri ndi m'ndowa nyumba iliyonse, vindikirani zolimba. Posewera thirani madzi ochepa m'beseni lotambalala, inu mukhale poti dzanja lanu limufikira. Mpatseni siponji afinye, makapu awiri aakulu mosiyana, botolo lomwe mwaboola timabowo pansi ndi msomali kuti lizigwetsa mvula. Ikanimo tsamba, chitsononkho, mwala waukulu, supuni, mumufunse chimira ndi chiti. Tsiku lochapa mupatseni beseni lake ndi sokosi imodzi ndi thovu pang'ono, achape nanu, ntchito yanu ikuyenda iye akusewera. Ngati muli ndi filiji kapena aneba ogulitsa mafilizi angakuumitsireni madzi m'kapu, chibuma cha ayisi chimodzi chimamusunga mwana nthawi yaitali, kuchigwira, kuchiponya chifukwa chazizira, kuchitolanso, mpaka chisungunuke iye nkumafunsa kuti chapita kuti. Madzi akhale omwe mungamwe inuyo, chifukwa amwako ndithu.

Zoumba ndi zonata. Chophweka kuposa zonse ndi mkute, nsima yotsala dzulo. Ikanyeni ndi timadontho ta mafuta ophikira mpaka ifewe, mwana aumbe timipira, njoka, ng'ombe, ndipo wamng'ono akaluma palibe mantha bola isakhale yosasa. Iyi ndi ya tsiku limodzi, madzulo ipite kunkhuku. Ngati mukufuna yokhalitsa, sakanizani makapu 2 a fulawa, kapu imodzi ya mchere, masupuni 2 a mafuta ndi madzi ofunda pafupifupi kapu imodzi, muzithira madziwo pang'onopang'ono mukukanya mpaka isiye kumata m'manja. Mukaisunga m'kontena yotseka imatha masiku angapo. Koma iyi ndi ya ana osiya kudya zilizonse, mchere wochuluka chonchi ndi woopsa kwa khanda. Ndipo dongo lenileni ngati mungalipeze pamalo oyera silinasiye kukhala mfumu, tonse tinakula tikuumba timiphika ta masanje. Musamuumbire chokongola kuti atengere, akaona ng'ombe yanu yabwino amasiya yake nkumati "ndipangireni". Inu ingotsinani, kupotokola, kuphwanya, ngati iye.

Therere nalonso lili ndi ntchito kupatula pansima. Dulani atatu kapena anayi, muviike m'madzi ofunda kwa kanthawi, madziwo amasanduka lendelende, mwana akanyamula dzanja ulusi nkumatsika, kuseka kwake mumva ndi kumsewu komwe. China chomwe chimadabwitsa ngakhale akuluakulu ndi ufa wa kasitadi kapena sitachi wa chimanga, miyezo iwiri ya ufa pa muyezo umodzi wa madzi. Ukamenya ndi chibakera chimalimba gwa, ukachinyamula mofatsa chimayenderera ngati phala. Bambo ake tsiku loyamba anakhala pabeseni nthawi yaitali kuposa mwana. Utoto musagule, chidede chowiritsa chimapereka wofiira, masamba a nkhwani osinja wobiriwira, makala osinja wakuda, dothi la katondo lofiirira. Mupatseni katoni yotambasula apake ndi zala, ndi mapazi, ndi nthenga ya nkhuku yotsuka.

Za makutu, mphuno ndi lilime sizifuna kukonzekera kwambiri. Vundikirani mapoto awiri ndi chidebe, mpatseni mthiko, ng'oma zake ndi zimenezo, mumenye inu katatu iye abwereze, kenako mofatsa, kenako mwamphamvu. Madzulo magetsi akazima khalani pakhonde mutsinzine nonse, mufunsane tikumva chiyani, galu, kondakitala akuitanira, kwaya ikuyeserera kutchalitchi, achule. Pophika mununkhizitseni khoko la ndimu, anyezi, tomato, mpungabwi, mtedza wokazinga, atchule chomwe akonda. Tsabola ayi. Kulawa, kachidutswa ka mango, kamadzi ka bwemba, ufa wa malambe pansonga ya supuni njere mutachotsa, muone nkhope ikukwinyika kenako nkupemphanso. Muzimupatsa mawu ake, kutsekemera, kuwawasa, kuwawa.

Thupi lonse nalo lisewere. Ine ndimakonza kanjira pabwalo, saka, kenako makoko a chimanga, kenako mchenga, kenako thaulo lonyowa, kenako kapinga, mwana adutse wopanda nsapato ine nditamugwira dzanja. Yambani mwasesa, pasakhale magalasi, minga kapena misomali. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda ikamayoyola maluwa ake m'misewu ya tauni ino timatola odzadza jumbo, kunyumba nkuwathira pamkeka kuti awaponde ndi kuwamwaza. Muloleni agubuduzike, akwawe kudutsa m'katoni yaikulu, adumphe kuchokera pasitepe yotsika, akankhe chigubu chokhala ndi madzi pang'ono, anyamule kandowa kake. Anthu awiri gwirani bulangete mbali ndi mbali, iye agone pakati, mumugwedeze pang'onopang'ono ngati katungwe pafupi ndi pansi. Mwana wovuta uja timati sakhazikika, nthawi zambiri akakankha ndi kunyamula zolemera pang'ono amadzakhala phee. Azibambo apa ndi panu, musamangoti zimenezo ndi za amayi ake.

Nanga inuyo ntchito yanu ndi yotani mwana akamasewera? Kuyang'anira ndi kuyankhula. Osati kumufunsa mafunso ngati mayeso, "ichi ndi chiyani, ichi mtundu wanji", amatopa nazo. Ingonenani zomwe akuchita, "wakhuthula, waaa! kapu yadzadza tho, madzi akuti thapsa thapsa, dzanja laterera eti?" Chichewa chathu ndi cholemera ndi mawu oterewa, gwa, phwa, lende, khuthu, nyaa, zii, ndipo ana amawagwira msanga kuposa mawu aatali chifukwa amamveka ngati chinthucho. Musachite manyazi kumuyankhula Chichewa poganiza kuti Chingerezi chimuvuta kusukulu, mwana wodzadza ndi mawu m'chilankhulo cha pakhomo ndi amene amakhala ndi pomangira china. Akatulukira njira yake yosewerera, mwati akape iye akufuna kulowetsa phazi, bola sizoopsa msiyeni. Malamulo akhale awiri okha, sitiponyera m'maso, sitidya. Akaphwanya muchenjezeni kamodzi, kachiwiri nyamulani beseni mosakalipa, mawa mudzayesanso.

Ana ena amakana. Wanga wachitatu sankafuna chonata chilichonse, phala likamugwera padzanja amalira ngati wapsa. Musamugwire dzanja nkuliviika mokakamiza, mumuonjezera mantha. Mpatseni supuni kapena kamtengo ayambe kugunda ali patali, kansalu kopukutira kakhale pafupi kuti adziwe kuti akafuna kudzipukuta atha. Yambani ndi zouma, zonyowa zibwere pambuyo. Wangayo zinamutengera masabata angapo kuti agwire mkute ndi chala chimodzi, tsiku limenelo ndinaimbira foni mchemwali wanga ku Machinjiri ngati wakhoza mayeso. Koma ngati mukuona kuti mwana satembenuka mukamuitana kapena chitseko chikamenyetseka, sakuyang'anani m'maso, wafika zaka 2 alibe mawu, amatseka makutu nkukuwa ndi phokoso wamba, akugwa pafupipafupi, kapena wasiya zomwe ankatha kale, musamvere zoti anyamata amachedwa kapena kuti wina wamulodza. Tengani buku lake lakuchipatala mukafotokoze kusikelo, iwo akaona kuti pakufunika amakutumizani ku Queens komwe kuli madokotala a ana. Kupita msanga kumathandiza kwambiri, ndipo masewerawa salowa m'malo mwa chipatala.

Za foni ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi imene yalanda malo a beseni m'makomo mwathu. Malangizo a WHO omwe aja amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere, ndipo wazaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndikudziwa, ukaweruka wotopa, ndiwo sizinapse, mwana akulira, makatuni amakupulumutsa. Sindikuweruzani. Koma pagalasi la foni chilichonse chimamveka chimodzimodzi kuchala, moto ndi madzi, mphaka ndi mwala, zonse nzosalala. Yesani kamodzi patsiku, nthawi yomwe mukanamupatsa foni, mumukhazike pafupi nanu kutali ndi mbaula, mumupatse poto, mthiko ndi masamba omwe mwataya posadzula ndiwo, aziphika zake.

Pomaliza kusewera musakonze nokha. Muuzeni kusanathe kuti tatsala pang'ono, kuti asadzidzimuke mukamachotsa. Mpatseni katsache asese, atole makapu, afinye kansalu apukute, kumeneko ndi kusewera komwe ndipo akuphunzira kuti chotaya chimawoledwa. Kenako kusamba m'manja ndi sopo, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, asanagwire chakudya, tonse tikukumbuka mmene kolera inatigwedezera mu 2022 ndi 2023 muno mu Blantyre. Madzi a m'beseni thirirani ndiwo zakuseri, osawasiya agone chifukwa udzudzu umaswana m'madzi odikha. Mchenga uyanikeni uume nkuuvindikira kuti amphaka asaupeze, zonata za chakudya zisagone chifukwa ziitana nyerere ndi mphemvu. Makapu, sefa ndi chipande ikani m'katoni imodzi pamwamba pomwe iye safikira, ndipo musatulutse zonse tsiku limodzi, lero mchenga, mawa madzi, mkuja mkute, kenako mubwerere kumchenga ndi kapu ina. Wangayu akadzuka m'mawa amakoka saka lija yekha mpaka pakhonde nkuloza katoni, ndiye mawa lino ndi tsiku la therere, ndagula kale lapadera pamsika ndaliika pambali kuti lisalowe mumphika.